Matope Osadikha: Sayansi ya Makoloyidi ndi Zinthu Zofewa pa Dwangwa

Madzi a mtsinje wa Dwangwa akatungidwa m'dzinja n'kuikidwa mu ndowa, sadikha nthawi imodzi. Mchenga umakhala pansi pompopompo. Nsenga zosalala zimatsatira patapita maola angapo. Koma pamakhala china chotsalira, chimene chimachititsa madziwo kukhalabe ofiirira ngakhale ndowayo itagona masiku angapo osagwedezedwa. Chotsaliracho ndi dongo losalala zedi, tinthu ting'onoting'ono timene sitinasungunuke m'madzimo koma sitikutsikanso pansi. Asayansi amatitcha makoloyidi.

Koloyidi ndi kanthu kamene kukula kwake kuli pakati pa nanomita imodzi ndi maikulomita imodzi. Milimita imodzi ikagawidwa ka 1,000, gawo limodzi ndiye maikulomita. Maikulomitayo ikagawidwanso ka 1,000, gawo limodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa pafupifupi mamaikulomita 70, kutanthauza kuti koloyidi wamkulu kuposa onse amachepabe ka 70 poyerekeza ndi tsitsilo. Tinthu totere tili ponseponse. Mkaka ndi timadontho ta mafuta ndi mapulotini toyandama m'madzi. Utsi umene umakwera nzimbe zikamawotchedwa ndi tinthu touma toyandama mu mpweya. Nkhungu ya m'mawa, thovu la sopo, penti, inki ndi phala, zonsezi zili m'gulu limodzi.

Amene anapatula gululi ndi Thomas Graham wa ku Scotland, mu 1861. Iye anaona kuti mchere ndi shuga zikasungunuka zimadutsa pa pepala lolimba lotchinga pakati pa madzi awiri, pamene guluu, sitachi ndi jelatini zimakanirira mbali imodzi. Pali njira ina yosiyanitsira magulu awiriwa imene imangofuna tochi ndi mdima. Kuwala kwa tochi kukadutsa m'kapu ya madzi a shuga, njira yake siioneka. Kukadutsa m'kapu ya madzi amene mwagwera madontho awiri a mkaka, njirayo imaonekeratu kuchokera mbali ina kufika mbali ina, chifukwa tinthu toyandamato timamwaza kuwala. John Tyndall anafufuza zimenezi cha m'ma 1860, ndipo mpaka pano zimadziwika ndi dzina lake.

Zifukwa zimene makoloyidi sadikhira zilipo zitatu, ndipo choyamba ndi kuchepa kwenikweniko. Mabuku a akatswiri oyeretsa madzi amapereka ziwerengero izi: kamchenga ka milimita imodzi kamatsika mita imodzi m'madzi odekha m'masekondi pafupifupi 10. Kanthu ka mamaikulomita 10 kamatenga maola awiri. Ka maikulomita imodzi kamatenga masiku 8. Kochepa ka 10 kuposa pamenepo kamatenga zaka ziwiri. Palibe mayi amene angadikire zaka ziwiri kuti madzi ophikira ayere, ndipo palibe fakitale imene ingatero.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti tinthuti sitikhala duu. Mu 1827, katswiri wa zomera Robert Brown anayang'ana pa maikulosikopu tinthu totuluka mu mungu wa maluwa tili m'madzi, ndipo anaona tikunjenjemera, uku n'kupita, uku n'kubwerera, osapuma. Anayesa fumbi la miyala ndi la galasi, nalonso linachita chimodzimodzi, zomwe zinasonyeza kuti kuyendako sikunachokere ku moyo. Panapita zaka pafupifupi 80 chifukwa chake chisanalongosoledwe mokwanira. Mu 1905, Albert Einstein anawerengera kuti mamolekyu a madzi, amene amayenda nthawi zonse chifukwa cha kutentha, amagunda kanthuko mbali zonse, ndipo poti n'kochepa, kugundako sikufanana mbali zonse. Jean Perrin wa ku France anatsimikiza zimenezi kuyambira mu 1908 pogwiritsa ntchito timibulu ta utomoni wa mitengo timene anatisankha mosamala kuti tikhale tofanana kukula. Ntchitoyo inathetsa mkangano wakale woti kodi maatomu ndi mamolekyu alipodi, ndipo Perrin analandira mphoto ya Nobel mu 1926. Ndi chinthu chosangalatsa kuti funso lalikulu chotero linayankhidwa ndi tinthu ta mtundu womwewo umene umadetsa madzi a m'ndowa.

Chifukwa chachitatu ndicho chofunika kwambiri pa ntchito za anthu. Chinthu chikaphwanyidwa, kunja kwake kumachuluka. Kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse kali ndi kunja kokwana masikweya sentimita 6. Kakaduladulidwa kukhala timabokosi ta maikulomita imodzi, kunja konse pamodzi kumakwana masikweya mita 6. Choncho khalidwe la koloyidi limalamulidwa ndi zimene zili pakhungu pake, osati kulemera kwake. Tinthu ta dongo tili ndi chaji ya magetsi pakhungupo, ndipo kawirikawiri imakhala ya negetivu. Chaji zofanana zimakankhana. Tinthu tiwiri ta dongo tikayandikana, timakankhana tisanakhudzane, motero sitingaphatikane n'kukhala chinthu chachikulu cholemera. Komabe pali mphamvu ina yokokana, yotchedwa ya van der Waals, imene imagwira tinthuto tikafika pafupi kwambiri. Boris Derjaguin ndi Lev Landau ku Soviet Union mu 1941, ndiponso Evert Verwey ndi Theo Overbeek ku Netherlands mu 1948, anaphatikiza mphamvu ziwirizi m'chiphunzitso chimodzi chotchedwa DLVO, kutengera zilembo zoyamba za mayina awo. Mfundo yake ndi iyi: kukankhana kukaposa, madzi amakhalabe ovunduka, kukankhanako kukafooketsedwa, tinthuto timagwirana, timalemera, n'kutsika.

Chimene chimafooketsa kukankhanako ndi mchere wosungunuka m'madzi, ndipo michere siifanana mphamvu. Hans Schulze mu 1882 ndi William Hardy mu 1900 anapeza kuti chachikulu ndi kuchuluka kwa chaji ya pozitivu imene mcherewo ukubweretsa. Sodiyamu wa mumchere wa ndiwo ali ndi chaji imodzi. Kashiamu wa mu laimu ali ndi ziwiri, ndipo amagwira ntchito kuposa sodiyamu maulendo makumi angapo. Aluminiyamu ali ndi zitatu, ndipo amaposa sodiyamu maulendo mazanamazana. Lamuloli limathandiza kulongosola zambiri zimene zimachitika poyeretsa madzi ndi madzi a nzimbe.

Lamulo lomweli limalongosola maonekedwe a nyanja pa mathiriro a mitsinje. Mtsinje wa Dwangwa umachokera ku Kasungu, ndipo m'dzinja umasenza dothi la m'minda yonse imene wadutsamo. Mtsinje ngati Zambezi ukafika ku nyanja ya mchere, dongo lake limagwirana msanga n'kukhala pansi. Nyanja ya Malawi ilibe mchere wambiri, choncho dongo la Dwangwa ndi Bua limayandama nthawi yaitali, ndipo asodzi amaona madzi ofiira atalowa kutali m'nyanja yobiriwira. Vuto lake silithera pa maonekedwe. Madzi ovunduka amatchinga dzuwa, ndere za pamiyala sizikula bwino, ndipo nsomba monga mbuna zimene zimadya nderezo zimasowa chakudya. Kukokoloka kwa nthaka kumtunda kumafika mpaka mu ukonde wa msodzi.

Malo amene sayansi ya makoloyidi imagwira ntchito usana ndi usiku pa Dwangwa ndi fakitale ya shuga, imene inayamba kugaya nzimbe mu 1979 ndipo tsopano ili m'manja mwa kampani ya Illovo. Madzi ofinyidwa mu nzimbe satuluka oyera. Amakhala obiriwira modera, ndipo muli dothi la kumunda, tizidutswa ta makoko, phula la pakhungu la nzimbe, mapulotini ndi zonanda zosiyanasiyana. Zambiri mwa izi ndi makoloyidi a chaji ya negetivu. Zikapanda kuchotsedwa, shuga amatuluka wakuda ndipo timibulu take sitikula bwino.

M'mafakitale a shuga wa nzimbe, kuyeretsaku kumachitika motere. Madzi a nzimbe amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo pH, muyeso wa asidiyo, ili cha pa 5.5. Amathiramo laimu wosungunula mpaka pH ifike cha pa 7, ndipo amawatenthetsa kupitirira pang'ono madigiri 100. Laimuyo amagwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Amachepetsa asidi amene akanaphwanya shuga. Kashiamu wake amafooketsa chaji ya makoloyidi. Kashiamu yemweyo amakumana ndi fosifeti amene ali kale mu nzimbe, n'kupanga timabulumwa toyera timene timakola zoyandama zonse. Kutentha nako kumaundanitsa mapulotini monga mmene kumachitira ndi choyera cha dzira. Pomaliza amathiramo mankhwala otchedwa polyacrylamide, ochepa kwambiri, magalamu owerengeka pa tani yathunthu ya madzi a nzimbe. Molekyu ya mankhwalawa ndi ulusi wautali umene umagwira kabulumwa aka ndi ako, monga mmene khoka limasonkhanitsira usipa wobalalika. Mabulumwa akakula amatsika m'thanki yodikhitsira. Madzi oyera a pamwamba amapita kokawiritsidwa mpaka asanduke manyuchi, pamene matope a pansi amasefedwa kuti shuga wotsaliramo abwerere, ndipo chotsala chake chimakathiridwa m'minda ngati manyowa. Zimene zalephera kuchoka zimathera mu molasesi, amene fakitale ya Ethanol Company, yomwe inatsegulidwa pa Dwangwa pomwepo mu 1982, imapangira ethanol.

Pali mdani mmodzi amene laimu samutha. Nzimbe zikawotchedwa n'kudulidwa, kachilombo kotchedwa Leuconostoc mesenteroides kamalowa m'mabala ake, kamadya shuga, n'kupanga chinthu chonanda chotchedwa dextran. Nyengo ikakhala yotentha ndi yachinyezi, monga zimakhalira kunyanja mvula ikayandikira, kachilomboka kamachulukana mofulumira. Dextran amalimbitsa manyuchi, amachedwetsa kusefa, ndipo amachititsa timibulu ta shuga kutuluka tatitali ngati singano m'malo mokhala tofanana mbali zonse. N'chifukwa chake nzimbe zodulidwa siziyenera kugonera m'munda. Kwa mlimi wamng'ono wa nzimbe, thirakitala ikachedwa tsiku limodzi kapena awiri, shuga amene akanamulipira amakhala akudyedwa ndi kachilombo kosaoneka ndi maso.

Madzi akumwa amayeretsedwa ndi nzeru yomweyo. Kumalo oyeretsera madzi a m'mipopi amathira alamu, mchere wa aluminiyamu, kapena mankhwala ena a mtundu wake. Amatakasa mwamphamvu kwa kanthawi kuti alamuyo afalikire, kenaka pang'onopang'ono kuti mabulumwa akule osaphwanyika. Muyeso wake ndi wofunika. Alamu akachepa, madzi sayera. Akachulukitsa, chaji ya dongo imatembenuka kukhala ya pozitivu, ndipo tinthuto timayambanso kukankhana. Motero ogwira ntchito amayesa kaye m'mabotolo angapo, lililonse ndi muyeso wakewake, makamaka mvula ikagwa ndipo mtsinje wasintha. Kuchotsa matope si nkhani ya maonekedwe chabe. Tizilombo toyambitsa matenda timamatirira pa dongo, ndipo dongolo limatiteteza ku klorini. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unakhudza kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ndiponso kusefukira kwa madzi kwa pa Dwangwa mu Febuluwale 2024, zinasonyeza poyera mmene madzi a matope alili oopsa.

Alamu amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, koma pali mtengo womera m'midzi umene umagwira ntchito yofanana. Njere za chammwamba zili ndi puloteni ya chaji ya pozitivu, imene imamatirira pa dongo n'kuthetsa kukankhana kwake. Amayi a m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Sudan ankadziwa zimenezi kalekale, ndipo Samia Al Azharia Jahn anazifufuza n'kuzilemba cha m'ma 1980. Kuno ku Malawi, akatswiri a ku yunivesite ya Leicester pamodzi ndi a ku Polytechnic ku Blantyre anayesa njerezi pa malo oyeretsera madzi a ku Thyolo, ndipo mu 1994 anayendetsa malo onsewo ndi chammwamba m'malo mwa alamu. Madzi a m'dzinja odzaza matope anatuluka oyera pa mlingo wovomerezeka. Pambuyo pake Habauka Kwaambwa wa ku Namibia ndi Adrian Rennie wa ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden anagwiritsa ntchito manyutuloni, tinthu ta m'kati mwa maatomu, pa malo ofufuzira a ku Grenoble ku France, kuti aone mmene puloteniyi imakhalira pakhungu la tinthu ting'onoting'ono. Anapeza kuti mabulumwa amene imapanga ndi othinana kwambiri, zomwe zimathandiza kuti atsike msanga.

Pakhomo, njere zokhwima ndi zouma zimasendedwa, kusinjidwa, kusakanizidwa ndi madzi oyera pang'ono, kusefedwa pa nsalu, n'kuthiridwa mu ndowa. Madzi amatakasidwa mwachangu kwa mphindi zochepa, kenaka modekha, n'kusiyidwa ola limodzi kapena awiri. Chenjezo lake siliyenera kuiwalika. Chammwamba chimatsitsa matope ndi tizilombo tambiri, koma sichipha tonse, ndipo zotsalira za njerezo zikhoza kudyetsa tizilombo madziwo akasungidwa nthawi yaitali. Madzi oyeretsedwa chotero ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndi kugwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo.

Makoloyidi ndi gawo limodzi la banja lalikulu lotchedwa zinthu zofewa, zimene si zamadzi kwenikweni komanso si zolimba ngati mwala. Pierre-Gilles de Gennes wa ku France, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1991, anasonyeza kuti chizindikiro cha banjali n'chakuti kusintha kochepa kumabweretsa zotsatira zazikulu. Labala ndi chitsanzo chabwino, ndipo amalimidwa kumpoto kwa Dwangwa, pa esiteti ya Vizara m'boma la Nkhata Bay. Utomoni woyera umene umadontha mtengo ukachekedwa ndi timibulu ta labala toyandama m'madzi, ta chaji ya negetivu. Mukathiridwa amoniya pang'ono, utomoniwo umakhalabe wamadzi. Mukathiridwa asidi pang'ono, chaji imatha ndipo umaundana. Ukatenthetsedwa ndi sulufule wochepa, monga anatulukira Charles Goodyear mu 1839, ulusi wa mamolekyu ake umalumikizana ndipo umasanduka labala wolimba wa matayala. Chambiko nacho chimabadwa mwa njira yofanana ndi kuundana kwa utomoniwo: tizilombo tabwino timapanga asidi mu mkaka, pH ikafika cha pa 4.6 mapulotini amataya chaji yawo n'kugwirana.

Nsima ndiyo chinthu chofewa chodziwika kuposa zonse. Ufa uli ndi timibulu ta sitachi timene sitisungunuka m'madzi ozizira. Madzi akatentha kufika madigiri a pakati pa 60 ndi 70, timibuluto timamwa madzi, timafufuma, ndipo mamolekyu aatali otchedwa amylose amatulukamo. Apa ndi pamene phala limayamba kulimba. Ufa ukawonjezedwa ndi kuthyakulidwa ndi mthiko, timibulu tofufumato timapanikizana, ndipo nsima ikayamba kuzizira, amylose amalukana n'kutsekera madzi mkati. N'chifukwa chake mtanda umaima m'mbale osayenderera ngakhale kuti gawo lake lalikulu ndi madzi. Kulukanako sikulekera pomwepo. Kumapitirira usiku wonse, mamolekyu akuthinana ndi kufinya madzi, ndipo m'mawa pamapezeka mkute wolimba wonyenyeka. Kondowole, amene amadyedwa kwambiri m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, amatuluka wina chifukwa sitachi ya chinangwa ili ndi amylose wochepa, pafupifupi magawo 17 pa 100 alionse, pamene ya chimanga ili ndi pafupifupi 25. Yambiri ndi mamolekyu a nthambinthambi amene salukana msanga, motero kondowole amakhala womata, wotanuka, ndipo amachedwa kuuma. Therere nalo limananda chifukwa cha mamolekyu aatali opiringizana m'madzi. Dongo la woumba mbiya lili ndi tinthu tophwatalala timene timaterereka pamwamba pa tinzake pakati pakakhala madzi ochepa, ndipo timagwirana madziwo akauma. Dothi la makande limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe chifukwa dongo lake limalowetsa madzi pakati pa timapepala take.

Kafukufuku wa masiku ano wapita patsogolo chifukwa asayansi amatha kupanga makoloyidi ofanana kukula ndi kuwaona limodzilimodzi. Mu 1986, Peter Pusey ndi William van Megen anaika timibulu ta pulasitiki m'mabotolo, botolo lililonse ndi kuchuluka kwake. Pamene timibulu tinali tochepa, tinkayenda momasuka. Titadzaza pafupifupi theka la malo, tinayamba kundandalikana tokha m'mizere yolongosoka, ndipo botolo linanyezimira mitundu yosiyanasiyana. Titachulukitsa, tinapanikizana tisanapeze mpata wondandalikana, n'kuuma mosalongosoka monga mmene maatomu amakhalira mu galasi. Kuyambira pamenepo makoloyidi akhala akugwiritsidwa ntchito ngati maatomu akuluakulu ooneka pa maikulosikopu, pofufuza mmene zinthu zimaumira ndi kusungunukira. Chaka chomwecho Arthur Ashkin anasonyeza kuti kuwala kwa leza kungagwire koloyidi mmodzi n'kumusuntha, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Sayansiyi yafikanso ku zamankhwala: katemera wina wa COVID-19 anakutidwa m'timadontho ta mafuta ta pafupifupi mananomita 100, kuti afike m'maselo a thupi asanawonongeke.

Phindu lina la sayansiyi limapezeka pa chipatala chilichonse cha m'mbali mwa nyanja, kumene malungo amavuta chaka chonse. Cha m'ma 1850, Michael Faraday anapanga timibulu ta golide tochepetsetsa m'madzi, ndipo madziwo anaoneka ofiira, osati achikasu. Mabotolo ake ena akusungidwabe ku Royal Institution ku London, golideyo asanadikhe. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kamagwiritsa ntchito golide wotereyu. Timibulu take, ta mananomita makumi ochepa, timamatidwa mapulotini amene amazindikira zizindikiro za kachilombo ka malungo. Dontho la magazi likaikidwa pamodzi ndi madzi oyendetsera, limayenda m'kapepala n'kunyamula golideyo. Ngati m'magazi muli kachilombo, golide amagwidwa pa malo amodzi n'kuunjikana mpaka mzere wofiira uoneke. Mzere wachiwiri umagwira golide nthawi zonse, pofuna kutsimikiza kuti madzi ayenda bwino m'kapepalamo, ndipo ukapanda kuoneka, zotsatirazo sizidalirika ndipo wodwala amayezedwanso. Yankho limatuluka m'mphindi 15 kapena 20, popanda magetsi ndiponso popanda maikulosikopu.